Sopo Wamadzi Wopanga Pakhomo: Sankhani Kositiki Woyenera

Chifukwa chake nkhaniyi ndi yofunika

Sopo ndi chinthu chosasowa pakhomo, koma mtengo wake ukukwera nthawi ndi nthawi. Banja kapena gulu la banki mkhonde likadziwa kupanga lokha sopo wamadzi, limapulumutsa ndalama ndipo pampondagiya sipasowa chosambira m'manja. Mliri wa kolera umene unayamba m'mwezi wa Malichi 2022 n'kupitirira mpaka 2023 unapha anthu oposa 1,700 m'dziko muno. Kuno ku Mwanza, kumene kumadutsa apaulendo ambiri olowa ndi kutuluka ku Mozambique, kusamba m'manja ndi sopo si nkhani yoitenga mopepuka.

Ambiri amene amayesa kupanga sopo wamadzi amalephera asanayatse ndi moto womwe, chifukwa amakhala atagula mankhwala olakwika. Mafuta amawonongeka, ndalama zimapita, ena mpaka amapsa manja. Kabuku kano kakuthandizani kudziwa kositiki woyenera, kumuzindikira pogula, kumuyeza bwino ndi kumugwiritsa ntchito popanda ngozi.

Kositiki alipo wa mitundu iwiri

Sopo amapangika mafuta akakumana ndi kositiki wosungunulidwa m'madzi. Ziwirizi zimadyana mpaka mafuta asanduka sopo. Chimene chimachititsa kuti sopo alimbe kapena akhale wamadzi si kuchuluka kwa madzi amene mwathira, koma mtundu wa kositiki.

1. Kositiki soda. Pa lebulo pamalembedwa Caustic Soda, Sodium Hydroxide kapena NaOH. Uyu amapanga sopo wolimba wa mtanda. Amapezeka mosavuta ndipo mtengo wake ndi wotsikirapo.
2. Kositiki potashi. Pa lebulo pamalembedwa Caustic Potash, Potassium Hydroxide kapena KOH. Uyu amapanga sopo wofewa amene amasungunuka bwino m'madzi osaundananso. Ameneyu ndiye wopangira sopo wamadzi wa mafuta.

Onse awiri ndi oyera, ndipo kawirikawiri amagulitsidwa ali tizidutswa tophwatalala. Ndi maso okha simungawasiyanitse. Mukaphika mafuta ndi kositiki soda kenaka n'kuthira madzi ambiri, sopoyo amaoneka bwino akadali wotentha, koma akazizira amananda ngati therere kapena kuundana m'botolo. Zimakhalanso chimodzimodzi mukapala sopo wa mtanda n'kumusungunula m'madzi.

Zinthu zimene anthu amasokoneza ndi kositiki

- Soda wophikira ndiwo. Uyu ndi Bicarbonate of Soda. Alibe mphamvu yosandutsa mafuta kukhala sopo.
- Soda Ash. Dzina lina ndi Sodium Carbonate. Amathandiza pochapa, koma sangalowe m'malo mwa kositiki potashi.
- Feteleza wa potashi. Amene amalembedwa MOP ndi mchere wa m'munda. Sapanga sopo ngakhale dzina likufanana.
- Mankhwala otsegulira mapaipi otsekeka. Ambiri ali ndi kositiki soda wosakaniza ndi zinthu zina, ndipo ena ndi asidi. Musawaike mu sopo.
- Kulorini wothira m'madzi akumwa. Alibe gawo lililonse pa ntchito imeneyi.

Dziwani sopo amene mukufuna kupanga

Dzina loti sopo wamadzi anthu amatchulira zinthu ziwiri zosiyana, ndipo chisokonezo chambiri chimayambira pamenepa.

Woyamba ndi sopo wa mafuta: mafuta a mpendadzuwa, a soya, a mtedza, a nsatsi kapena a kokonati ophikidwa ndi kositiki potashi. Ndi amene tikufotokoza m'kabuku kano.

Wachiwiri ndi sopo wosakaniza mankhwala a m'fakitale, wotsukira mbale ndi kukolopera, amene amaphunzitsidwa m'magulu ambiri. Mulibe mafuta ophikira. Amapangidwa ndi Sulphonic Acid, mankhwala a thovu otchedwa SLES, mchere, utoto ndi fungo. Mmenemo mumalowa kositiki soda pang'ono, ndipo ntchito yake ndi kupha ukali wa asidi uja basi.

Choncho mukamva mnzanu akunena kuti iye amapanga sopo wamadzi ndi kositiki soda, yambani mwamufunsa ngati amathiramo mafuta. Musatenge muyezo wa njira imodzi n'kuugwiritsa ntchito pa njira inayo.

Mmene mungagulire

Kositiki potashi savuta kumudziwa pa lebulo, koma amavuta kumupeza. Kafunseni m'masitolo ogulitsa mankhwala a m'mafakitale ku Blantyre ndi ku Limbe, mtunda wa makilomita pafupifupi 100 kuchokera pa Boma la Mwanza. Kwa anthu a kwa Kanduku, kwa Nthache, kwa Govati kapena ku Thambani, ndi bwino gulu lisonkhe ndalama n'kutuma munthu mmodzi kusiyana ndi kuti aliyense alipire yekha ulendo.

1. Lembani papepala zilembo zitatu izi, KOH, musananyamuke. Muonetseni wogulitsa pepalalo.
2. Werengani nokha lebulo. Wogulitsa akamapimira kuchokera m'thumba lalikulu, pemphani kuona zolembedwa pa thumbalo.
3. Onani mphamvu yake. Kositiki potashi wambiri amalembedwa 90%. Nambala imeneyi ndi yofunika poyeza.
4. Sankhani wouma, wa tizidutswa tosamatana. Wonyowa kapena woundana wayamwa chinyezi ndi mpweya, ndipo mphamvu yake yachepa.
5. Musagule wa m'kajumbo kopanda dzina, ngakhale mtengo utatsika bwanji.
6. Mukagula tsidya la malire, ku Zóbuè kapena ku Tete, lebulo imakhala ya Chipwitikizi. Soda cáustica kapena hidróxido de sódio ndi wa sopo wa mtanda. Potassa cáustica kapena hidróxido de potássio ndiye wa sopo wamadzi. Onetsani katunduyo kwa ogwira ntchito pachipata monga mwa lamulo.
7. Paulendo, muikeni m'chigubu chotseka bwino, kutali ndi ufa, shuga ndi zakudya zina.

Kuyesa zimene mwagula

Valani magolovesi ndi magalasi, ndipo muyesere panja.

*Kuona ngati ndi kositiki weniweni.* Thirani madzi ozizira theka la kapu m'kachidebe ka pulasitiki yolimba. Ikanimo theka la sipuni yaing'ono ya mankhwalawo n'kutakasa. Gwirani kunja kwa kachidebeko. Kositiki weniweni amatenthetsa madzi nthawi yomweyo. Soda wophikira satenthetsa. Madziwo akazizira, donthezeranimo madzi a mandimu. Akachita thovu lambiri, ndiye kuti mwagula soda wophikira, Soda Ash, kapena kositiki wakale amene wasukuluka.

*Kusiyanitsa soda ndi potashi.* Phikani sopo wochepa ndi magalamu 100 a mafuta potsata njira ili m'munsiyi. Akazizira n'kukhala phala lofewa, lonyezimira, ndiye potashi. Akalimba gwa, wotuwa ndi woluma, ndiye kuti anakugulitsani kositiki soda. Kutaya magalamu 100 a mafuta kuli bwino kusiyana ndi kutaya chigubu chonse.

Muyezo wake

Mafuta aliwonse amafuna kositiki wa muyezo wakewake. Gwiritsani ntchito sikelo yowerenga magalamu. Kapu ndi sipuni zimanamiza. Mafuta nawonso ayezedwe pasikelo, chifukwa lita imodzi ya mafuta sikwana kilogalamu.

Pa kilogalamu imodzi ya mafuta, kositiki potashi wa 90% akhale motere:

- Mafuta a mpendadzuwa: magalamu 204
- Mafuta a soya: magalamu 206
- Mafuta a mtedza: magalamu 207
- Mafuta a nsatsi: magalamu 194
- Mafuta a kanjedza: magalamu 214
- Mafuta a kokonati: magalamu 277

Madzi osungunulira akhale olemera katatu kuposa kositikiyo. Miyezo iyi yachepetsedwa pang'ono mwadala kuti kositiki yense athere m'mafuta, asatsale woluma khungu.

Dziwani kuti potashi amafunika wambiri kuposa soda pa mafuta omwewo. Ngati munazolowera kupanga sopo wa mtanda, musatengere muyezo wa kumeneko. Potashi adzachepa ndipo mafuta adzayandama pamwamba.

Mafuta a mpendadzuwa, soya ndi mtedza amapanga sopo wofatsa pakhungu koma wa thovu lochepa. Mafuta a kokonati amawonjezera thovu, ndipo a nsatsi amathandiza kuti thovulo lisathe msanga.

Zida zofunika

- Sikelo ya magalamu
- Poto wa chitsulo chosachita dzimbiri
- Poto wina wamkulu wowiritsira madzi
- Chidebe cha pulasitiki yolimba, yokhala ndi nambala 2 kapena 5 kunsi kwake
- Chotakasira cha chitsulo chosachita dzimbiri kapena cha pulasitiki yolimba
- Magolovesi a labala, magalasi otchinga maso, malaya a manja aatali ndi nsapato zotseka
- Ndowa yodzaza madzi oyera, ikhale pafupi nthawi zonse
- Madzi a mvula osefa bwino

Chenjezo pa mapoto: mapoto ambiri a m'makhitchini mwathu ndi a aluminiyamu. Kositiki amadya aluminiyamu n'kutulutsa mpweya umene umayaka moto. Ndowa za malata nazonso siziyenera. Mabotolo a zakumwa zoziziritsa kukhosi amasungunuka ndi kositiki wotentha. Zida zimene mwapangira sopo zisabwererenso kophikira.

Madzi a pamjigo ena amakhala ndi laimu wambiri. Amenewa amadetsa sopo ndi kuchepetsa thovu. Tungani madzi a mvula nthawi ya dzinja n'kusunga m'zigubu zotseka.

Kapangidwe kake

Yambani ndi zochepa: magalamu 500 a mafuta a mpendadzuwa, magalamu 102 a kositiki potashi ndi magalamu 300 a madzi. Ngati muli ndi mafuta a kokonati, tengani magalamu 400 a mpendadzuwa, 100 a kokonati, 109 a kositiki potashi ndi 330 a madzi.

1. Gwirani ntchitoyi panja kapena pakhonde podutsa mphepo. Ana, nkhuku ndi ziweto zikhale kutali.
2. Valani zodzitetezera musanatsegule chigubu cha kositiki.
3. Yezani madzi ozizira m'chidebe. Yezani kositiki m'chotengera china chouma, n'kutseka chigubu nthawi yomweyo.
4. Thirani kositiki m'madzi pang'onopang'ono. Musathire madzi pa kositiki, chifukwa amawira n'kuthovukira kumaso. Takasani mpaka asungunuke. Madziwo atentha ndipo amveka kuthetheka. Musaweramire nthunzi yake.
5. Thirani mafuta m'poto wachitsulo, ndipo potoyo muike m'poto wamkulu wa madzi owira. Mafuta atenthe koma asafuke utsi.
6. Thirani madzi a kositiki m'mafuta pang'onopang'ono uku mukutakasa.
7. Pitirizani kutakasa. Potashi amachedwa kugwirana ndi mafuta, choncho potakasa ndi manja pamatha kupita ola limodzi kapena kuposerapo. Kachidutswa ka sopo wa mtanda kopalidwa bwino kamathandiza kuti zigwirane msanga. Mafuta akabwerera pamwamba, takasaninso.
8. Zikalimba n'kukhala phala lokanika kutakasa, vundikirani. Phikani pamoto wochepa kwa maola atatu kapena anayi, mukutembenuza mphindi 30 zilizonse. Onjezerani madzi m'poto wakunja akamaphwera.
9. Phala lakupsa limanyezimira ndipo limaonekera mkati pang'ono. Sungunulani sipuni imodzi m'kapu ya madzi a mvula otentha. Madzi akayera mbuu kapena mafuta akayandama, phikaninso ola lina.
10. Likapsa, liyezeni pasikelo. Pa gawo limodzi la phala thirani magawo awiri a madzi a mvula owiritsa. Vundikirani mpaka mawa. Pamwamba pakachita chikhungu, onjezerani madzi pang'ono. Mupeza sopo wokwana malita pafupifupi 3.
11. Thirani m'chigubu choyera, lembani dzina ndi tsiku, ndipo akhale sabata imodzi kapena ziwiri kuti zotsalira zidikhe pansi.
12. Ngati muli ndi timapepala toyezera pH, sopo wabwino amaonetsa pakati pa 9 ndi 10. Akapitirira 11, musasambe. Ngati mulibe, sambani m'manja ndi dontho limodzi. Akaluma kapena kufiiritsa khungu, akhale wokolopera basi.

Sopo wa mafuta amakhala wopyapyala kuposa wa m'sitolo. Kupyapyalako sikutanthauza kuti ndi wofooka. Fungo, ngati mukulifuna, thirani pang'ono sopo atazizira.

Nanga chidulo?

Makolo athu ankadziwa kale kuti m'phulusa muli mphamvu. Chidulo chimene timaphikira ndiwo chili ndi potashi wachilengedwe, ndipo ku Ghana ndi ku Nigeria amapanga sopo wakuda ndi phulusa la makoko a koko ndi a nthochi. Sopo wa phulusa amakhala wofewa chifukwa cha potashi yemweyo. Koma chidulo ndi chofooka kuposa kositiki wogula, ndipo mphamvu yake imasintha malinga ndi zimene mwatentha.

Ngati mukufuna kuyesa:

1. Tenthani zitsononkho, makoko a nthochi ouma, makoko a nyemba kapena mapesi a nandolo mpaka phulusa liyere. Musadule mitengo chifukwa cha sopo, ndipo musasakanize mapulasitiki kapena matabwa opaka mankhwala.
2. Ikani udzu pansi m'ndowa ya pulasitiki yoboola, dzazani phulusa, thirani madzi a mvula ndipo adonthere m'chidebe.
3. Bwezerani madzi omwewo pa phulusa latsopano, kapena awiritseni m'poto wachitsulo kuti aphwere.
4. Ikanimo dzira laliwisi latsopano. Likamira, chidulo n'chofooka. Likayandama n'kuonetsa pamwamba malo aakulu ngati ndalama yachitsulo, chakwana. Dziralo mulitaye.
5. Phikani ndi mafuta ochepa kwa nthawi yaitali, mukuwonjezera chidulo kapena mafuta mpaka zigwirane.

Chidulo chofika pamenepa chimawotcha khungu ndi maso, ndipo si chophikira ndiwo. Popeza mphamvu yake siyezeka bwino, sopo wake akhale wochapira ndi wokolopera, osati wosambitsira ana kapena wogulitsa.

Ngati kositiki potashi sakupezeka ndipo mukungofuna chosambira m'manja, sungunulani magalamu 30 a sopo waufa m'botolo la madzi la lita imodzi ndi theka. Madzi a sopo amenewa amagwira bwino ntchito pampondagiya.

Zolakwika zofala ndi zochita

- Sopo wananda kapena waundana: munagwiritsa ntchito kositiki soda. Chapirani zovala, ndipo ulendo wina mugule KOH.
- Mafuta ayandama pamwamba: kositiki anachepa, anali wakale, kapena phala silinapse. Yezani bwino ndipo muphike nthawi yokwanira.
- Sopo akuluma: kositiki anachuluka. Bwezerani phala pamoto, thirani mafuta pang'ono n'kuphikanso.
- Sopo wachita mbuu: madzi anali a laimu, kapena munathira mchere wambiri pofuna kumulimbitsa.
- Sopo wanunkha: mafuta anali akale kapena madzi anachuluka. Mafuta okazingira kale ayambe asefedwa, ndipo sopo wake akhale wochapira. Sungunulani sopo wokwana mwezi umodzi kapena iwiri, phala lotsala musunge lotseka.
- Poto wada ndipo akutuluka thovu lachilendo: ndi wa aluminiyamu. Muchotseni pamoto, tayani zonse m'dzenje lakutali ndi chitsime n'kukwirira.

Ngozi ikachitika

- Pakhungu: sasani tizidutswa touma, vulani chovala chimene chanyowa, tsukani ndi madzi ambiri kwa mphindi 20. Musapake mafuta, mankhwala otsukira mano, dzira kapena viniga.
- M'maso: tsegulani chikope, thirani madzi oyera osalekeza kwa mphindi zosachepera 20, kenaka thamangirani kuchipatala ngakhale ululu utachepa. Kositiki amachititsa khungu.
- Munthu akamwa: musamusanzitse, chifukwa kositiki amawotchanso pobwerera. Musamumwetse mandimu kapena mankhwala azitsamba. Mutsukeni m'kamwa ndipo mupite naye msanga kuchipatala cha boma cha Mwanza kapena chipatala chimene muli nacho pafupi. Tengani lebulo ya mankhwalawo kuti adokotala aone.

Madzi a kositiki amaoneka ngati madzi akumwa ndipo alibe fungo. M'maiko a kumadzulo kwa Africa, kumene amayi ambiri amapanga sopo pakhomo, ana ambiri apsa kummero atamwa kositiki wosiyidwa m'kapu kapena m'botolo, ndipo ena amavutika kumeza chakudya moyo wawo wonse. Musasiye madzi a kositiki osayang'anira ngakhale kwa mphindi imodzi. Sungunulani okwana tsiku limenelo basi.

Kasungidwe ndi malonda

Kositiki wotsala akhale m'chigubu cha pulasitiki yolimba chotseka kwambiri, pamalo ouma, okwera ndi okiyidwa. Lembani ndi zilembo zazikulu: POIZONI, KOH. Ngati muli ndi mitundu yonse iwiri, mtundu uliwonse ukhale ndi chigubu chake ndi dzina lake.

Gulu lofuna kugulitsa sopo likhale ndi kope lolembamo tsiku, mtundu wa mafuta, magalamu a kositiki ndi zotsatira zake. Pabotolo palembedwe dzina la sopo, ntchito yake ndi tsiku lopangira. Katundu wogulitsa kwa anthu amayenera kuyezedwa ndi bungwe la Malawi Bureau of Standards. Alangizi a chitukuko cha m'madera ndi a ofesi ya zamalonda pa khonsolo ya Mwanza angakuuzeni poyambira.

Kumbukirani izi

- Sopo wa mtanda: NaOH. Sopo wamadzi wa mafuta: KOH.
- Popanda lebulo, musagule.
- Yezani pasikelo, osati ndi maso.
- Kositiki apite m'madzi, osati madzi pa kositiki.
- Aluminiyamu ayi, ana kutali.

Werengani kabuku kano pamodzi pagulu lanu musanagule chilichonse. Yambani ndi theka la kilogalamu ya mafuta, ndipo muwonjezere pokhapokha sopo woyambayo atatuluka bwino.